Tsiku Limene Ndinapotoza Dishi ya Amalume

Pepani akuluakulu, ine si munthu wolemba. Ndinaphunzira pa kasukulu ka kumudzi kufupi ndi famu imene ndinabadwira, mbali za ku Gweru, ndipo Chichewa cholemba ndinachitola m'buku la nyimbo za kutchalitchi, osati m'kalasi. Choncho mukapeza liwu lopindika, mundikhululukire. Ndalimba mtima kulemba chifukwa anthu a mu mzere wathu ku Torwood nkhaniyi akuifotokoza kale, aliyense mwa njira yake, ndipo ena afika ponena kuti ndinagwera m'nyumba kudzera padenga. Sindinagwe. Koma kunena zoona, zimene zinachitikazo sizikusiyana kwenikweni ndi kugwa.

Ndinabwera ku Torwood nditangomaliza Fomu 4, kudzakhala kwa amalume, a Mbewe, alongo awo a amayi anga, kuti ndiziphunzira ntchito yowotcherera zitsulo pa shopu ina ya ku Kwekwe. Kwa mwana wa pa famu, mwayi wotere subwera kawiri. Amayi pondiperekeza kumsewu sanalankhule zambiri.

"Amalume ako ndi munthu wabwino, koma bodza sagona nalo m'nyumba. Mbale wako uja amene ankakhala kwawoko anam'kweza kombi ya m'mawa yobwerera kuno chifukwa cha bodza limodzi lokha. Iwe ukabwezedwa, kuno khasu lako sindinalitaye."

Mawu amenewo ndinafika nawo ku Torwood akulirabe m'makutu. Ndinkadzuka nkhuku zisanatsike, kusesa pabwalo, kuthirira ndiwo kuseri, kupukuta nsapato za amalume asanandiuze. Ndipo chilichonse chimene ankanena, yankho langa linali limodzi: "Eya malume." (Tsiku lina anayetsemula, ine n'kuyankha kuti eya malume. Ambuya, akazi awo, anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Kuno mkazi wa amalume timati ambuya, monga amaitanira anzathu Achishona.)

Pabalaza pa amalume pali TV imodzi koma maufumu awiri. Ufumu woyamba ndi wa amalume: dishi imene inamangidwa pamwamba pa khoma, m'mphepete mwa denga, ndi dekoda yake yokhala pansi pa TV. Amalume anabadwira mu Torwood momwemo, ndipo anagwira ntchito ku fakitale ya zitsulo mpaka pamene ng'anjo zinazima. Bambo awo, amene ndi agogo anga, anachokera ku Dedza ali mnyamata ndipo sanabwererenso. Amalume sanapondepo ku Malawi, koma madzulo aliwonse amaonera nkhani za m'Chichewa zochokera kumeneko kudzera pa dishiyo, moti amadziwa tsiku limene mvula yagwa ku Dedza kuposa mmene amadziwira za tauni yathu ino ya Redcliff.

Ufumu wachiwiri ndi wa ambuya: kabokosi kakuda, kochepa ngati chidutswa cha sopo, kamene mwana wawo Chisomo anatumiza kuchokera ku Joni. Iko sikafuna dishi, kamakoka zinthu pa intaneti ya m'nyumba, ndipo ambuya amaonerapo masewero ndi makwaya. Amalume sankakagwira n'komwe. Ankangoti "kachidole ka ambuya ako."

Ndiye panali marimoti atatu. Yaitali ya dekoda, yokutidwa ndi pulasitiki. Yaing'ono ya kabokosi. Yachitatu, ya TV yeniyeniyo, inkagona pamwamba pa kabati, pansi pa kansalu koluka, ndipo ine ndinkaiyesa yakufa.

Mwina mufunsa kuti miyezi iwiri yonse ndinalephera bwanji kuona mmene amasinthira kuchoka pa kabokosi kupita pa dishi. Chifukwa chake ndi manyazi. Ine ndinkakhala pa kampando pafupi ndi chitseko, ndipo anthu a m'masewero a ambuya akangoyamba kugwirana manja ndi kuyang'anana m'maso, ndinkakumbukira mwadzidzidzi kuti ndiwo sindinathirire. (Ndiwo zimenezo zinamwa madzi ambiri chaka chimenecho.) Pobwerera ndinkapeza amalume ali pa mpando wawo, Malawi ali pa TV. Choncho ndinaganiza kuti munthu amangoyatsa chimene akufuna, TV n'kuzindikira yokha.

Vuto lina linali lakuti amalume ankandinyadira. Mlendo akabwera ankandiloza.

"Mphwangayu ndi wa Fomu 4. Za mawayazi amazidziwa. Si choncho iwe?"

"Eya malume."

Zoona zake n'zakuti za mawaya ndinkadziwa chinthu chimodzi chokha. Ku famu TV inali kwa akapitawo, yoyendera batire ya thirakitala, ndipo eriyo yake inali pamwamba pa mtengo wautali wa bulugamu. Chithunzi chikathawa, mmodzi ankatuluka kukapotoza mtengowo pang'onopang'ono, ena m'nyumba akukuwa: "Bwerera! Pitiriza! Basi, pomwepo, usapume!" Wopotoza nthawi zambiri ndinali ine, ndipo pa famu yonse panalibe wondiposa. Maphunziro anga onse a za kanema anali amenewo: chithunzi chikasowa, vuto lili panja, ndipo mankhwala ake ndi kupotoza.

Tsiku lina wolengeza pa kanema wa ku Malawi uja ananena kuti Loweruka likudzalo, 3 koloko masana, adzaonetsa pulogalamu ya midzi ya ku Dedza, mbali yeniyeni imene agogo anachokera. Amalume anaimirira pa mpando. Sabata yonseyo sanalankhule china. Anaitana anzawo awiri amene ankagwira nawo ntchito ku ng'anjo, a Phiri ndi a Nkhoma, amenenso makolo awo anachokera ku Malawi, ndipo jekete yawo inasitidwa Lachitatu n'kupachikidwa poonekera.

Loweruka m'mawa ambuya anaonerako makwaya awo pa kabokosi, kenako ananyamuka kupita kokasesa ku tchalitchi. Amalume anavala jekete ija kuti akakwere kombi ya ku Kwekwe, kukagula nyama ya alendo. Potuluka pageti anatembenuka.

"Mphwanga, pabalaza pawale. Ndipo ndikadzabwera ndipeze Malawi ali kale pa TV, tisadzayambe kufufuza alendo atakhala pansi. Wamva?"

"Eya malume."

Ndinakolopa, ndinapukuta mawindo, ndinasuntha mipando. Kuseri kwa TV ndinapeza fumbi ndi mawaya opiringizana ngati zipwete. Ndinaganiza kuti popeza lero ndi tsiku la dishi, kabokosi kapume. Ndinakazula ku magetsi, n'kukapukuta bwinobwino, n'kukakhazika pambali ngati mlendo wolemekezeka. Kenako ndinayatsa dekoda, kanyali kake kobiriwira n'kuyaka. Ndinayatsa TV ndi batani la m'mbali mwake.

Malawi kunalibe. Panali mdima, ndi kachikwangwani kakang'ono ka mawu awiri achizungu onena kuti palibe chimene chikufika.

Ndinadina rimoti yaitali. Palibe. Ndinachotsa mabatire, n'kuwaluma pang'ono monga tinkachitira ku famu, n'kuwabwezera. Palibe. Ndinazimitsa zonse, n'kupumira kaye m'mwamba, n'kuyatsanso. Kachikwangwani kaja kanabwerera ngati sikanachoke. Foni ndinali nayo m'thumba, ndipo ambuya anali pa tchalitchi pafupi pomwepa. Koma kodi wa Fomu 4, wodziwa za mawaya, akanaimba foni n'kunena chiyani? Ndipamene nzeru za ku famu zinandinong'oneza kuti mphepo ya dzulo ija yasuntha dishi.

Makwerero kunyumba kulibe. Ndinatenga sipanala m'bokosi la amalume (limene ndinali ndisanaligwirepo chibwerereni), ndinagubuduza mgolo wopanda madzi kufika pakhoma, n'kukwera padenga. Denga la nyumba za ku Torwood ndi la asibesito wakale, ndipo masana a mwezi wa Seputembala limatentha ngati chiwaya. Ine ndinavula nsapato kuti ndisalidetse. Cholakwa chimenecho mapazi anga sanachiiwale.

Chinasowa ndi munthu wokuwa m'nyumba. Mwamwayi, kapena mwatsoka, Amai Tendai, oyandikana nafe amene amagulitsa tomato pageti pawo, anali atasiya kale tomato n'kumandiyang'ana.

"Mwanangu, uri kuitei ipapo?" anafunsa m'Chishona.

"Ndikukonza dishi, amai. Chonde tasuzumirani pawindo, mundiuze chithunzi chikabwera."

Anabwera mokondwa n'kumata nkhope pagalasi. Ine ndinamasula mabawuti awiri. Anali olimba, ochita dzimbiri, ngati akundichenjeza, koma ku shopu ndinali nditaphunzira kale mmene munthu amagonjetsera bawuti wamakani. Ndinakankha dishi pang'ono kumanzere.

"Hapana!" anakuwa. Palibe.

Ndinakankhira kumanja.

"Mira, mira! Zviri kufamba!" Akuti ndiime, zikuyenda.

"Chikuyenda n'chiyani, amai?"

Anayankha m'Chichewa chawo cha pa mpanda. "Kachikwangwani kaja! Kanali kumwamba, manje katsika pansi!"

Ndinapotozanso, akuti kapita kumanzere. Ndinakweza dishi, akuti kakwera. Ndinadziuza kuti tayandikira, TV yayamba kundimva. (Ndinadzamva pambuyo pake kuti kachikwangwani kameneko kamangoyendayenda kokha, kaya munthu ali padenga kaya ali ku Bulawayo.) Kwa theka la ola ine ndi Amai Tendai tinakathamangitsa ngodya zonse zinayi za TV, iwo akukuwa, ine ndikupotoza, anthu odutsa mumsewu akuima n'kumapereka maganizo.

Kenako mabawuti aja, amene ndinali nditawamasula mopitirira, anasiya ntchito. Dishi inawerama yokha n'kuyang'ana pansi ngati munthu wopepesa. Pofuna kuigwira ndinabwerera m'mbuyo phazi limodzi, n'kuponda pakati pa asibesito, pamene palibe mtanda pansi pake.

Thyo!

Sindinagwe, ndikubwerezanso. Koma pansi pa chidendene changa panali mng'alu wautali ngati mkono, ndi kabowo kolowa chala chachikulu. Ndipo malo ake sanali pa khitchini kapena pabalaza ayi. Anali pamwamba penipeni pa chipinda chogona cha amalume.

"Chii icho?" anafunsa Amai Tendai. Chalira n'chiyani?

"Ndi bondo langa, amai."

Limenelo linali bodza loyamba.

Ndili chiimire choncho, geti linalira. Ambuya analowa, tsache m'khwapa, n'kuyang'ana kumwamba.

"Maiwe! Iwe, ukutani padenga ngati nkhunda?"

"Ndikufunafuna Malawi, ambuya."

"Malawi ali padenga? Tsika!"

Ndinatsika, mapazi akuyaka moto. Ambuya analowa pabalaza, anayang'ana TV, anayang'ana kabokosi kawo kali pambali kozulidwa, anandiyang'ana ine. Kenako anatukula kansalu koluka kaja, anatenga rimoti yachitatu, imene ndinkaiyesa yakufa, n'kudina batani limodzi. Kamodzi kokha.

Kachikwangwani koyendayenda kanachoka. Panabwera china chachikulu, cha dekoda, chosasuntha, chonena kuti dishi sikulandira kanthu.

"Waona?" anatero ambuya. "TV iyi ili ndi makomo awiri kumbuyo, la dishi ndi la kabokosi. M'mawa ndinaisiya ikuyang'ana khomo la kabokosi. Iwe wazula kabokosi, ndiye imangodikira pakhomo popanda munthu. Dishi inalibe mlandu, mwana wanga. Poyamba Malawi analipo. Tsopano ndiye wamuchotsadi."

Anayamba kuseka, mpaka anakhala pa sofa akupukuta misozi ndi duku. Kenako anayang'ana wotchi yapakhoma, kuseka n'kutha. Kunatsala theka la ola kuti 3 koloko ikwane. Anaimbira foni munthu amene anamanga dishiyo. Iye anayankha kuti ali ku ukwati ku Gweru, abwera Lolemba. Ndinapempha kuti ndikwerenso ndikaibwezere pamalo pake. Ambuya anangondiloza kampando kanga.

Amalume anafika limodzi ndi a Phiri ndi a Nkhoma, onse atatu m'majekete ndi mataye, dzuwa likuswa mtengo. Munthu amene wagwira zitsulo moyo wake wonse saphonya chitsulo chopendekeka. Asanatseke n'komwe geti, maso awo anali kale pamwamba.

"Aikona! Dishi yanga ikuyang'ana pansi bwanji?"

Ndinagwada pabwalo pomwepo, pafumbi, n'kufotokoza zonse: dekoda, mabatire, sipanala, Amai Tendai. Zonse kupatula denga.

A Nkhoma, munthu wanthabwala, anayang'anitsitsa dishiyo. "Musam'kalipire mwanayu, a Mbewe. Amafuna kutigwirira wailesi ya anyamata a m'migodi ya ku Gaika. Imeneyo imaulutsira pansi pa nthaka."

A Phiri anaseka. Amalume sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nyama ili m'manja, kenako analankhula motsitsa mawu.

"Bambo anga anamwalira ndisanaone kwawo. Lero ndimati ndikuone."

Akanangondimenya mbama zikanakhalako bwino.

Amene anatipulumutsa ndi ambuya. Analumikizanso kabokosi kawo, anavala magalasi, n'kuyamba kulemba dzina la kanema wa ku Malawi uja ndi karimoti kakang'ono, chilembo chimodzichimodzi.

"Mukutani, mai a Chisomo?" anafunsa amalume ali pakhomo.

"Anthu amenewa amaulutsanso pa intaneti. Khalani pansi, bambo a Chisomo, alendo aima."

"Kachidole kameneko kangadziwe ku Dedza?"

"Kakakudziwa, mudzakapepese pamaso pa alendo."

Kanakudziwa. Patangodutsa mphindi zochepa 3 koloko itakwana, pa TV panaoneka msewu wafumbi, amayi atasenza madengu a mbatata, ndi mawu a Chichewa cha kumeneko. Akuluakulu atatu aja anakhala tsonga, zipewa pa mawondo. Ine ndinaonera ndili kunja kwa chitseko, chifukwa kampando kanga ndinaona kuti sikandiyeneranso.

Koma intaneti ya kwathu ili ndi khalidwe lake. Chithunzi chinkayenda pang'ono n'kuima, kamkombero koyera kakuzungulira pakati pake. Chinaima koyamba pa mbuzi itatsegula pakamwa, a Nkhoma n'kuti, "Imeneyo ndi ya kwa a Phiri, taonani mano." Chinaima kachiwiri pa bambo wokwera njinga, mwendo umodzi uli m'malere. Kachitatu chinaima pa phiri lalikulu la miyala, kamtambo kali pamutu pake, ndipo apa chinaima nthawi yaitali. A Phiri anayamba kudandaula, ambuya anatambasula dzanja kuti akonze.

"Lisiyeni," anatero amalume.

Anaimirira, anayandikira TV mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. "Ndi limeneli. Bambo ankati ukaima pakhomo pa amayi awo, mwala waukuluwo umakhala kudzanja lamanja." Anaika chala pagalasi n'kukhala choncho. Pa dishi phirilo likanangodutsa kamodzi n'kupita. Kufooka kwa intaneti kunawapatsa amalume phiri la bambo awo kwa mphindi ngati zitatu.

Alendo atapita, dzuwa lisanalowe, amalume anandiitana pakhonde. Nkhope yawo inali itafewa.

"Za dishi zatha, mphwanga. Munthu amalakwa. Pali china chimene sunandiuze?"

M'maganizo ndinaona famu, ndinaona nkhope ya amayi akundilandira kumsewu ndi chikwama changa.

"Palibe, malume."

Bodza lachiwiri, ndipo ili linali la kwa mwini nyumba.

Lolemba wa madishi anabwera ndi makwerero ake ndi kachipangizo kolira tswii. Anati dishi imaloza chinthu chimene chili kutali kumwamba, ndipo ukaisuntha ngakhale mwa chala chimodzi wachiphonya. "Amene anachita izi mphamvu ali nazo," anatero, "koma asadzayambe ntchito yathuyi." Makwerero anaimika kukhoma, padenga sanaponde, choncho mng'alu sanauone. Madzulo amenewo Malawi anabwerera pa dishi, ndipo ndinayesa kuti kwa ena onse nkhani yatha.

Kwa ine inali itangoyamba. M'chipinda cha amalume mwana wa mlongo wawo salowa, ngakhale kusuzumira, choncho sindinkadziwa kuti kabowo kaja kakuoneka bwanji m'kati (nyumba zimenezi zilibe siling'i). Lamulungu lotsatira ndinazemba m'tchalitchi nyimbo yomaliza isanathe, ndinakweranso padenga, n'kuphimba mng'aluwo ndi pepala la pulasitiki la buluu, n'kutsendereza ndi theka la njerwa. Ulendo umenewu nsapato ndinavala.

Ndipo ndinayamba kuopa kumwamba. Okutobala atalowa, anthu onse a ku Torwood ankayang'ana mitambo mopempha mvula. Ine ndekha ndinkapemphera mobweza. Ku shopu ndinaboola chitsulo cha geti la kasitomala chifukwa maso anali pa mtambo, abwana n'kundifunsa ngati ndayamba chibwenzi. Amalume ankandipatsa moni monga mwa masiku onse, ndipo zimenezo ndiye zinkandipweteka kwambiri.

Lachisanu la sabata yachiwiri, ndikubwerera pa kombi, kumwamba mbali ya ku Gweru kunada bii, mphezi ikung'anima patali, ndipo fungo la mvula linalowa pawindo. Anthu m'kombimo anayamba kuthokoza Mulungu. Ine ndinatsika kombi isanaimitsitse n'kuthamanga. Ndinapeza amalume ali pakhonde, akusoka nsapato yawo yakale ndi waya. Ndinagwada, mpweya ukundithera.

"Malume, ndinakunamizani. Ndinaswa denga. Pamwamba pa chipinda chanu. Ndinaphimba ndi pulasitiki. Ngati mukundibweza ku famu, ndibwezeni, koma choyamba sunthani bedi, mvula ikubwera."

Sanadzutse mutu. Anamaliza kaye kukoka waya.

"Bedi tinasuntha kale, sabata yatha."

"Munadziwa bwanji, malume?"

"Iwe, ine ndimagona masana. Tsiku lotsatira lomwelo kadzuwa kanandiwomba pa diso ndili pa pilo wanga. Ndinati chabwino, mwanayu abwera adzanene. Sunabwere. Patapita sabata, kadzuwa kaja kanasanduka ka buluu." Apa milomo yawo inayamba kunjenjemera, akulimbana ndi kuseka. "Ambuya ako anati mwina ndi masomphenya."

M'nyumba ambuya anaphulika nako kuseka. Anali akumvetsera pawindo nthawi yonseyi.

Kenako amalume anaika nsapato pansi, nkhope n'kubwerera m'malo mwake.

"Tamvera, mphwanga. Asibesito ameneyu ndi wa ku mgodi wa ku Zvishavane, ndi wamkulu kuposa amayi ako. Akanasweka ngakhale ndi mphaka wonenepa. Denga si nkhani. Ine ndimadikira kuona kuti ayambe kundiuza ndani, iwe kapena mvula. Mvula ikanayamba, mawa ukanakwera kombi."

Dontho loyamba linagwa patapita nthawi yongokwanira kuwiritsa madzi a tiyi. Inali mvula yongonyowetsa fumbi, koma ambuya anatchera beseni m'chipinda, ndipo ndinalimva likulira ndili kukhitchini: to, to, to.

M'mawa mwake tinabwereka makwerero kwa Amai Tendai. (Anali nawo nthawi yonseyi kuseri kwa nyumba yawo. Atandiona ndikukwera pa mgolo tsiku lija anayesa kuti ndimakonda choncho.) Ine ndinakwera ndi chitini cha phula ndi chinsalu, amalume ali pansi akulamula ngati akadali ku ng'anjo.

"Ponda pa misomali! Pamene pali msomali ndi pamene pali mtanda. Ku famu sanakuphunzitse?"

"Kwathu denga ndi la udzu, malume."

"Ndiye uzinena!"

Ndikati ndaphunzira kunena, ndingakhale ndikuwonjezera bodza lachitatu. Mawu akuti sindikudziwa amandilemerabe pakamwa ngati mwala, ndipo nthawi zambiri amatuluka chinthu chitawonongeka kale. Batani lija lokha ndiye ndikulidziwa, chifukwa ambuya analipaka kadontho kofiira ka utoto wa m'zikhadabo, akuti achitira ine, ngakhale ndaona kuti amalume nawonso amakafunafuna ndi chala.

Nditatsika, manja ali phula lokhalokha, amalume anakwera makwerero mpaka pamene akanatha kuona ntchitoyo. Anayang'ana nthawi yaitali, anagwedeza mutu, n'kutsika.

"Madzulo uwaimbire amayi ako. Uwauze akutumizire bulangete lako lalikulu."

"Malume, kukutentha chonchi?"

"Juni wa ku Torwood sukumudziwa iwe. Kumazizira kuno."

Ndinafika kumpopi, ndayamba kale kusamba m'manja, ndipamene ndinamvetsa zimene ananena, chifukwa kuchoka Okutobala kufika Juni ndi kutali: ku famu sakundibweza. Phula linakana kuchoka m'zala, koma sindinadandaule. Linali Loweruka, pa 12 Okutobala, chaka chatha.